Mmene mungalembere nthano yaitali yochititsa nthumanzi ya banja limene mwana wake wasowa

Musanalembe chiganizo choyamba cha nthano yotere, yambani mwadziwa kumene mwanayo ali. Dziwani amene anamutenga, ngati alipo, ola limene anachoka, njira imene anadzera, zovala zimene anavala, ndiponso ngati pofika pa tsamba lomaliza adzakhale ali moyo kapena ayi. Zonsezi muzilembe pa pepala lapadera limene owerenga sadzaliona, ndipo muzindandalike ola ndi ola kuyambira m'mamawa wa tsiku limene anasowa. Alembi ambiri amayamba ntchitoyi ali ndi chithunzi chimodzi chokha chogwira mtima, monga kanjinga kogwa m'mphepete mwa msewu mwiniwake kulibe, n'kumayembekeza kuti yankho lidzatulukira lokha akadzafika pakati pa buku. Mathero obwera motero amaoneka kuti ndi ochita kumata, ndipo wowerenga amene wakhala akusunga m'mutu kanthu kalikonse kuyambira pa mutu woyamba amaona kuti wapusitsidwa.

Chifukwa china chodziwiratu zonse n'chakuti nthumanzi ya nthano imeneyi imachokera pa kusadziwa kwa banjalo, ndipo mlembi sangathe kuwongolera kusadziwa kwa ampangankhani ake ngati iyenso ali mumdima womwewo. Kuthamangitsana pa galimoto ndi kuwomberana mfuti kuli ndi malo ake, koma nthano iliyonse ya upandu ingakhale nazo zimenezo. Chimene nthano ya mwana wosowa ili nacho payokha ndi nyumba imene eni ake sangalire maliro chifukwa palibe amene wawauza kuti mwana wamwalira, komanso sangabwerere ku moyo wa masiku onse chifukwa mmodzi wa iwo palibe. Mitu yambiri ya buku lanu iyenera kuchitikira m'nyumba imeneyo.

Posankha chimene chinamuchitikira mwanayo, n'kothandiza kudziwa mmene ana amasowera kwenikweni. Kafukufuku wa boma la United States wotchedwa NISMART anayerekeza kuti m'chaka cha 1999 ana pafupifupi 203,900 m'dzikolo anatengedwa ndi wachibale, kawirikawiri kholo limene likulimbirana ana ndi linzake, pamene ana obedwa ndi mlendo kapena munthu wodziwana naye pang'ono chabe, m'njira yoopsa ija imene ambiri timaiganizira tikamva za kuba ana, anali pafupifupi 115. Ochuluka kuposa onsewa anali ana othawa okha panyumba kapena othamangitsidwa. Izi sizikukuletsani kulemba za mlendo wankhanza, koma wapolisi wa m'nthano yanu ayenera kuzidziwa, ndipo n'chifukwa chake amayamba kuyang'ana a m'nyumba momwemo asanatembenukire kunja. Mukasankha nkhani ya kholo limene lathawa ndi mwana n'kuwoloka naye malire, dziwani za pangano la ku Hague la 1980, limene limafuna kuti mwana wotengedwa motero abwezedwe msanga kudziko limene amakhala. Panganoli limagwira ntchito pakati pa mayiko okhawo amene analivomera, choncho wothawa wochenjera amasankha dziko limene silinalowemo, ndipo kamfundo kameneka kokha kangathe kunyamula theka la buku.

Maola oyamba

Wowerenga amaweruza ngati mlembi akuidziwa nkhani yake poona mmene walembera maola oyamba. Pewani bodza lofala lakuti kholo liyenera kudikira maola 24 lisanakanene kupolisi kuti mwana wasowa. Ku United States lamulo la 1990 linachita kuletseratu apolisi kuika nthawi yodikira yotere pa nkhani ya ana, ndipo ngati wapolisi wa m'nthano yanu abweza kholo kuti libwerenso mawa, chimenecho chikhale cholakwa chake chimene chidzamusowetsa tulo mpaka kumapeto kwa buku. Fufuzani kagwiridwe ka ntchito ka apolisi a dziko limene nthano yanu ikuchitikira, popeza zida ndi malamulo zimasiyana. Komabe pali zina zimene zimachitika pafupifupi paliponse: apolisi amasecha nyumba yomweyo, pansi pa bedi, m'makabati ndi m'galimoto, chifukwa ana aang'ono amatha kubisala n'kugonera pomwepo, amapempha chithunzi chatsopano, amafunsa amene anamuona komaliza, amathamangira zithunzi za makamera a CCTV chifukwa makina ambiri amafufuta okha zakale pakapita masiku, ndipo ngati mwanayo anali ndi foni, amafuna kudziwa nsanja ya netiweki imene foniyo inalumikizana nayo komaliza. Chenjezo la AMBER Alert, limene apolisi amaulutsa kwa anthu onse kuti athandize kupeza mwana wobedwa, ndipo linayamba pambuyo pa kubedwa ndi kuphedwa kwa Amber Hagerman wa zaka 9 ku Arlington m'boma la Texas mu 1996, siliperekedwa pa mwana aliyense wosowa. Apolisi amayenera kukhulupirira kuti mwanayo wabedwa, kuti moyo wake uli pachiswe, komanso kuti pali zokwanira zouza anthu kuti amuzindikire. Bambo amene akumenya tebulo kufuna chenjezo limene apolisi akukana kulipereka ndi mkangano wokonzeka kale. Ngati pali mantha akuti mwana watulutsidwa m'dziko, bungwe la Interpol, limene limalumikiza apolisi a mayiko osiyanasiyana, lili ndi chidziwitso chotchedwa Yellow Notice chofunafunira anthu osowa.

Zimenezi musazilembe ngati ndandanda ya ntchito za apolisi. Chilichonse chidzere m'maso mwa kholo, monga m'kachigawo aka:

"Mayi, mwanayu anavala chiyani pochoka?"

"Juzi yofiira."

"Yofiira ili pampando paja, amake Tadala," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Ndaiona pompano."

Mayiyo anacheuka. Juziyo inalidi pomwepo, mkono umodzi utalowa mkati monga mmene mwanayo amavulira masiku onse. Wapolisi uja anadikira kaye, kenako anafufuta mawu amene anali atalemba.

Palibe amene wakuwa kapena kukomoka m'kachigawoka, koma mikangano itatu yabadwa nthawi imodzi. Mayi adzakhala akudziimba mlandu kuti sankadziwa chimene mwana wake anavala, mwamuna wake wamutsutsa pamaso pa mlendo, ndipo wapolisi waona kuti mawu a anthu awiriwa sakugwirizana. N'chimodzimodzinso ndi mswachi wa mwanayo. Wapolisi akaupempha amanena kuti ndi kachitidwe chabe ka ntchito yawo, koma bambo amene amamvera nkhani akudziwa kuti DNA imafunika pozindikira mtembo, ndipo kuyambira usiku umenewo m'kapu ya kubafa mukhala miswachi itatu m'malo mwa inayi.

Makolo nawonso amaganiziridwa

Apolisi amafunsa makolo aliyense payekha, amabwereza mafunso omwewo, ndipo amayerekeza masitetimenti awo. Iyi ndi ntchito yawo, ndipo mlembi wabwino amamupatsa wapolisi zifukwa zomveka, osamusandutsa chitsiru kapena mdani. Choopsa kwambiri kuposa apolisi ndi maso a anthu, amene amaweruza kholo poyang'ana kaliridwe kake. Pa 17 Ogasiti 1980 khanda la masabata 9, Azaria Chamberlain, linasowa m'tenti pafupi ndi Uluru ku Australia, ndipo mayi ake, Lindy Chamberlain, ananena kuti latengedwa ndi galu wakutchire wotchedwa dingo. Anthu ambiri anaona kuti mayiyu sankaoneka wachisoni mokwanira. Mu 1982 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha mwanayo n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Anatulutsidwa mu 1986 kajekete ka khandalo katapezeka, chigamulo chinathetsedwa mu 1988, ndipo mu 2012 m'pamene wofufuza za imfa anatsimikiza kuti dingo ndi amene anatenga mwanayo. Nkhani imeneyi ikhale m'mutu mwanu pamene mukulemba mutu umene makolo akuyankhula ndi atolankhani. Mayi akalira kwambiri ena amati akuchita sewero, akapanda kulira amati ndi wouma mtima, ndipo akaoneka akumwetulira tsiku lina chithunzicho chimazungulira pa intaneti.

Kuti kukayikiraku kukhale ndi pogwira, patsani munthu wamkulu aliyense m'banjamo chinsinsi chimene sichikukhudzana ndi kusowa kwa mwanayo koma chimene sangafune kuti chituluke: ngongole imene mnzake sakuidziwa, chibwenzi cha mseri, ntchito imene inatha mwezi watha koma munthu akumanyamukabe m'mawa uliwonse. Bodza lothandiza koposa ndi lokhudza nthawi. Bambo amene anachedwa ndi ola lathunthu pokatenga mwana kusukulu, n'kuuza apolisi kuti anachedwa ndi mphindi 10 zokha pobisa kumene anali, wachititsa kuti makamera ayang'anidwe pa ola lolakwika ndiponso kuti mboni zifunsidwe za nthawi imene mwanayo anali atapita kale. Tsiku lililonse limene akupitiriza kukhala chete, kuulula kumanka kukula mtengo wake, pakuti pa tsiku lachisanu sakungovomera chibwenzi chokha, akuvomeranso kuti anawononga masiku asanu a kafukufuku. Wowerenga amene akulidziwa bodzali amawerenga chakudya chamadzulo cha banjali mtima uli m'mwamba, ngakhale palibe mpeni kapena mfuti pafupi.

Chisoni chopanda mapeto

Pano ndi pamene nthano zambiri zimalephera, chifukwa mlembi amabwereka chisoni cha imfa n'kuchiveka banja limene silikudziwa ngati pali imfa. Pauline Boss, katswiri wa za mabanja wa pa yunivesite ya Minnesota, anayamba m'zaka za m'ma 1970 kufufuza mabanja a asilikali oyendetsa ndege a ku America amene anasowa pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo anafotokoza kuti kutaya munthu popanda chitsimikizo kumaimitsa chisoni pamalo amodzi: munthuyo palibe m'thupi koma m'maganizo a abale ake alipo, choncho palibe amene angayerekeze kusuntha kanthu. Etan Patz wa zaka 6 anasowa ku New York pa 25 Meyi 1979, tsiku loyamba limene analoledwa kupita yekha pokwerera basi ya kusukulu, ndipo makolo ake anakhala zaka zambiri osasamuka m'nyumba yawo ndiponso osasintha nambala ya foni kuti mwina angadzaimbe. Tsiku limenelo la 25 Meyi ndi limene mayiko ambiri amakumbukira ana osowa.

M'nthano yanu kusasuntha kumeneku kuonekere m'zinthu zogwirika. Kodi chipinda cha mwanayo chimasesedwa, ndipo amene wachotsa zofunda pabedi kuti azichape amalandira mawu otani kwa mnzake amene ankabwera kudzanunkhiza pilo usiku? Kodi amayankha bwanji munthu wosawadziwa akawafunsa kuti ali ndi ana angati? Onetsetsani kuti a m'banjamo asakhale pamalo amodzi pa nthawi imodzi. Mayi akamakhulupirira kuti mwana ali moyo, bambo akhale atayamba kumutchula ngati wakale, ndipo tsiku limene liwu lotero lidzam'pulumuka patebulo likhale lalikulu kuposa tsiku limene apolisi apeza nsapato m'tchire. Pakapita miyezi asinthane: amene anataya mtima ayambe kuyenda m'misewu usiku, amene ankayembekeza akhale atatopa. Palibe wolakwa pakati pawo, ndipo mukangosankha mmodzi kuti ndiye wolungama mwaipha nkhaniyo.

Musamuiwale mwana wotsala, amene ndimaona kuti ndi mpangankhani wolemera kuposa onse ngakhale alembi amakonda kumuika pakona. Iyeyu amatetezedwa mopitirira muyezo koma saonedwa, saloledwa kupita kulikonse yekha koma palibe amene amakumbukira tsiku lake lobadwa. Amachita nsanje ndi m'bale wake wosowayo, amachita manyazi ndi nsanjeyo, ndipo mwina ndi iyeyo amene anamuuza m'mawa uja kuti "choka, usanditsate". Ana amaona zinthu zimene akulu saona ndipo amazibisa pa zifukwa zawo, choncho umboni umene udzatsegule nkhani yonse ungathe kugona mwa iye kuyambira pa mutu wachiwiri popanda wowerenga kunena kuti mwam'bera.

Za wofotokoza nkhani, sankhani msanga ngati wowerenga adzamve mawu a mwana wosowayo. Mukam'lowetsa m'chipinda chimene mwanayo akusungidwa, funso lakuti ali moyo kapena ayi latha, ndipo latsala lakuti kodi adzam'peza nthawi isanathe. Limenelinso ndi funso lamphamvu, koma ndi buku lina. Ngati cholinga chanu ndi banja, musiyeni wowerenga m'nyumba muja ndipo asadziwe kanthu kamene banjalo silikudziwa, kupatula zinsinsi zimene akubisirana okhaokha. Kusinthanitsa mitu pakati pa mayi, bambo ndi mwana wotsala kumathandiza kwambiri, chifukwa tsiku limodzi lomwelo limafotokozedwa katatu mosiyana. Mwana wosowayo akhale munthu weniweni m'zikumbukiro zawo, wokhala ndi liuma, mabodza ndi nthabwala zake, pakuti mwana wangwiro wa pa chithunzi sagwira mtima wa wowerenga kwa masamba 300.

Pakati pa buku

Vuto lalikulu la kalembedwe ndi lakuti m'nkhani yoona ya mwana wosowa, pakapita masabata oyamba, sipachitika zambiri. Odzipereka kufunafuna amachepa, atolankhani amapita ku nkhani ina, zithunzi zomata pamakoma zimafwifwa ndi dzuwa, ndipo apolisi amene anali 20 amatsala awiri okhala ndi milandu inanso. Musathawe kuchepa kumeneku, pakuti nakonso n'koopsa. Lembani m'mawa umene mayi atsegula chitseko n'kupeza kuti pabwalo palibe kamera ngakhale imodzi, n'kuzindikira kuti anthu amene ankadana nawo aja ndi amene ankasunga dzina la mwana wake m'makutu mwa dziko. Kulemba nambala ya tsiku pamwamba pa mutu uliwonse, monga tsiku 1, tsiku 9, tsiku 412, kumamuuza wowerenga zambiri popanda inu kufotokoza.

Chimene chimayendetsa mitu yapakatiyi ndi malipoti abodza: munthu amene akuti wamuona mwanayo mumzinda wina, woimba foni wofuna dipo pamene alibe mwana, wodzitcha woona zobisika amene akufuna ndalama, mtembo wopezeka kumtsinje umene ukupezeka kuti ndi wa mwana wa anthu ena. Chiyembekezo chotere chili ngati kukanda chilonda chimene chinayamba kupola. Lamulo limene ndingakupatseni n'lakuti lipoti lililonse labodza liwonongetse banjalo kanthu kamene sikadzabwerera, kaya ndi ndalama, ntchito, ubale kapena chikhulupiriro cha wina mwa mnzake, ndiponso lisiye kachidutswa kamodzi ka choonadi kamene panthawiyo palibe amene akukaona kufunika kwake. Lipoti limene silikuchita ziwirizi ndi longodzazira masamba, lichotseni. Ngati nthano yanu ikudutsa zaka, gwiritsani ntchito chithunzi chimene akatswiri amajambula poyerekeza mmene mwanayo angaonekere tsopano. Mayi amene walandira nkhope ya mtsikana wa zaka 15 imene sanaionepo, yokhala ndi chibwano cha mwamuna wake, wakupatsani mutu wathunthu.

Nkhanza zochitikira mwanayo musazionetse mwatsatanetsatane. Wowerenga amadziwa kale chimene akuopa, ndipo nkhope ya wapolisi amene wavula chipewa pakhomo imakwanira. Musatengenso nkhani ya banja lenileni n'kungosintha mayina, makamaka ngati mwana wawo sanapezeke, chifukwa nthano yanu iyenera kuloza wolakwa, ndipo owerenga adzam'fananiza ndi munthu wamoyo. Mukamaliza kulemba koyamba, yerekezani sitetimenti ya mpangankhani aliyense ndi ndandanda ya maola ija, kuti bodza lililonse likhale ladala ndipo umboni wofunika ukhale unaonekapo kawiri kapena katatu nkhani isanafike pampondachimera.

Mathero

Njira zilipo zochepa: mwana apezeka atamwalira, apezeka ali moyo, kapena sapezeka. Yomalizayi ndi yoona kwa mabanja ambiri, koma m'nthano yochititsa nthumanzi muli ndi ngongole ya yankho kwa wowerenga, choncho ngati banja silidzadziwa, iye yekha mumuuze, kapena muyankhe funso lina lalikulu limene mwakhala mukulikuza. Palinso njira yachinayi imene mbiri inationetsa. Mu 1928 Walter Collins wa zaka 9 anasowa ku Los Angeles, ndipo patapita miyezi apolisi anabweretsa mnyamata wina kwa mayi ake, Christine Collins. Mayiyo atalimbikira kunena kuti ameneyu si mwana wake, anam'tsekera m'chipatala cha odwala misala, mpaka mnyamatayo anavomera kuti anali wothawa kwawo wa zaka 12. Nthano ya kholo limodzi limene likukana mwana wobwererayo pamene linzake likum'kumbatira ili ndi nthumanzi yokwanira buku lonse.

Mukasankha kuti mwana abwerere ali moyo, musatseke buku pa kukumbatirana. Jaycee Dugard anabedwa ku California mu 1991 ali ndi zaka 11 ndipo anapezeka mu 2009, patadutsa zaka 18, ali mayi wa ana awiri. Amene banja linam'taya ndi amene linam'landira sanali pa msinkhu umodzi. Ngakhale mwana wa m'nthano yanu atangosowa miyezi isanu ndi umodzi, amabwerera m'nyumba imene bodza la bambo linaululika, mayi anasiya ntchito, ndipo m'bale wake anaphunzira kukhala yekha. Iyenso ali ndi zimene sakufuna kunena, mwina amadzuka usiku kufunsa za munthu amene ankamusunga, ndipo apolisi akufunabe sitetimenti yake yoti akagwiritse ntchito kukhoti. Sungani mitu itatu kapena inayi yolembera masabata amenewo, ndipo chinsinsi chomaliza cha nthanoyo, chimene mwanayo yekha ndiye akuchidziwa, chituluke m'kati mwa mitu imeneyi.